LIWIRO LOLEMBEDWA PA BOKOSI: KUYESA MAKHADI OLUMIKIZA MAKOMPYUTA

Munthu wofuna njinga saigula cifukwa ca utoto wace wokha. Amayamba waikwera, nayesa mabuleki, nafunsanso anzace amene anayendapo ndi njinga ya mtundu womwewo pa mseu wa mcenga. Koma pali cipangizo cina cimene anthu ambiri amagula osaciyesa konse, pongokhulupirira nambala yolembedwa pa bokosi lace. Cipangizoci ndi khadi la netiweki, limene nchito yace ndi kulumikiza kompyuta ndi makompyuta anzace. M'sitoro mukhoza kupezeka makhadi awiri, onse olembedwa 1,000, koma lina mtengo wace wopambana linzace kutali. Kodi wogula lokwera mtengo wataya ndarama zace cabe, kapena wogula lotsika mtengo ndiye wanyengedwa? Bokosi silingayankhe funso limeneli, pakuti nambala ija inena cinthu cimodzi cokha, pamene khadi liyenera kuweruzidwa pa zinthu zingapo.

KHADILI NCIANI, NANGA LINACOKERA KUTI?

Kompyuta siitumiza cithunzi kapena kalata yonse nthawi imodzi. Imayamba yadula uthengawo m'timaphukusi tating'ono, ndipo pa phukusi liri lonse imalemba kumene licokera ndi kumene lipita, monga umo acitira munthu pa envulopu. Khadi ndilo mtengatenga woima pa khomo. Limatenga maphukusi m'kati mwa kompyuta, niliwasandutsa mphamvu ya magetsi yoyenda m'nthambo, ndipo ocokera kunja limawalandira ndi kuwalowetsa m'kati. Kale linali kathabwa kobiriwira kolowetsa m'mpata wace m'kati mwa makina. Lero kawiri-kawiri ndi kacidutswa kakang'ono komatiridwa pa thabwa lalikuru la kompyuta, koma dzina lakuti khadi silinathe.

Njira yotumizira maphukusi imene yafala koposa imachedwa Ethernet. Anaiyamba ndi Robert Metcalfe pamodzi ndi David Boggs m'caka ca 1973, pa nyumba yofufuzira nzeru ya kampani ya Xerox ku Palo Alto, m'dziko la America. Liwiro lace loyamba linali pafupi-fupi megabiti 3 pa sekondi. M'caka ca 1980 makampani atatu, DEC, Intel ndi Xerox, anagwirizana pa muyezo wa megabiti 10. Liwiro la 100 linakhazikitsidwa mu 1995, la 1,000 pa nthambo za mkuwa mu 1999, ndipo la 10,000 mu 2002. Manambala amenewa ndiwo aoneka pa mabokosi.

TANTHAUZO LA NAMBALA

Coyamba cosoceretsa anthu ndi muyezo weni-weniwo. Liwiro la khadi amaliwerenga m'mabiti, pamene kukula kwa cithunzi kapena nyimbo amakuwerenga m'mabaiti, ndipo baiti imodzi iri ndi mabiti 8. Cotero khadi la megabiti 100 silingapyole megabaiti 12.5 pa sekondi, ndipo la 1,000 silingapyole 125. Munthu woona nambala 11 pa galasi la kompyuta yace, pamene bokosi linati 100, asafulumire kubwerera ku sitoro ndi mkwiyo, pakuti khadi lace ligwira nchito bwino lomwe.

Caciwiri ndi kulemera kwa zokutira. Aliyense wogula ufa adziwa kuti thumba nalo liri ndi kulemera kwace. Phukusi lalikuru la Ethernet limanyamula mabaiti 1,500 a katundu, koma pamwamba pace pamaonjezedwa mabaiti 18 a keyala ndi cidindo cotsimikizira kuti katunduyo sanaonongeke pa njira. Patsogolo pa phukusi pamapita mabaiti 8 ocenjeza wolandira, ndipo pambuyo pace payenera kukhala kampata ka mabaiti 12 lisanatuluke linzace. M'kati mwa 1,500 muja namonso muli makeyala ena a intaneti. Zonsezi zikacotsedwa, katundu weni-weni wofika ali ngati 94 pa 100 ali onse. Ndiko kunena kuti khadi la 1,000 likafikitsa 940 lacita zonse zimene lingathe, ndipo palibe khadi lina la muyezo womwewo, ngakhale lokwera mtengo cotani, limene lingapyole pamenepo ndi maphukusi a msinkhu umenewo. Katundu wa megabaiti 1,000 amatenga masekondi ngati 85 pa khadi la 100, ndi masekondi osakwana 9 pa khadi la 1,000.

MAPHUKUSI AAKURU NDI AANG'ONO

Tsono ngati malire ali amodzi kwa onse, makhadi asiyana pati? Kusiyana koyamba kuoneka pamene maphukusi acepa msinkhu. Kupakira matumba makumi awiri a cimanga m'lole ndi nchito ya kanthawi. Koma cimanga comweco cikaikidwa m'timapepala ta dzanja limodzi, opakira adzatopa dzuwa lisanafike pa mutu, ngakhale kulemera kwace sikunasinthe. Cotopetsa ndi kucuruka kwa maulendo.

Ndi momwemonso pa nthambo. Pa liwiro la 1,000, maphukusi aakuru okwanira kudzaza nthambo ndi 81,274 pa sekondi. Koma phukusi laling'ono koposa liri ndi mabaiti 64 okha, ndipo otere angathe kufika 1,488,095 pa sekondi imodzi yomweyo, ndiko kucuruka koposa ka 18. Phukusi liri lonse lifuna kulandiridwa, kuwerengedwa keyala ndi kuikidwa pa malo pace. Makhadi ambiri amayenda bwino ndi maphukusi aakuru, koma akakumana ndi namondwe wa tating'ono, ena amayamba kutaya katundu. Mau a anthu olankhulana pa intaneti ndi mafunso afupi-afupi opita ku kompyuta yosunga mabuku a kampani amayenda m'maphukusi aang'ono, cotero nkhani imeneyi si ya akatswiri okha ai.

NDANI ASENZA KATUNDU?

Kusiyana kwaciwiri ndiko kwakukuru, ndipo sikulembedwa pa bokosi. M'kompyuta muli pulosesa, imene iri ngati kapitao woyang'anira nchito zonse, ndiponso muli nkhokwe yosungiramo zinthu zimene zifunika msanga, yochedwa memory. Funso ndi lakuti: phukusi likafika pa khomo, ndani alinyamule kukalowetsa m'nkhokwe?

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kampani ya Novell inaturutsa khadi lochedwa NE2000, limene linafala kwambiri cifukwa ca kutsika mtengo, ndipo mafakitale ambiri anapanga makhadi otengera ilo. Khadi limeneli linali mtengatenga wotula katundu pa khomo ndi kuitana kapitao. Pulosesa inali kusiya nchito yace, niyamba kututa katunduyo pang'ono-pang'ono kufikira atatha. Pa liwiro la 10 zimenezi zinali zopiririka, koma pa liwiro la 100 kapitao akadathera tsiku lonse pa khomo.

M'zaka za m'ma 1990 kunabwera makhadi a mtundu wina, monga DEC 21140 wa banja lochedwa Tulip, ndi EtherExpress PRO/100 wa Intel. Amenewa anali amtengatenga odziwa njira ya ku nkhokwe. Pulosesa inali kungolemba ndandanda ya malo opanda kanthu, ndipo khadi linali kudziikira lokha maphukusi m'malomo, nilidziwitsa kapitao nchito itatha. Pambuyo pace kampani ya Realtek ya ku Taiwan inaturutsa RTL8139, khadi la 100 lotsika mtengo kwambiri, limene linalowa m'makompyuta osawerengeka. Nalonso linali kudzilowetsera katundu m'nkhokwe, koma linali kumuunjika pa malo amodzi, kotero kuti pulosesa inayenera kumsamutsa kaciwiri, ndiponso potumiza linali kulandira maphukusi anai okha pa nthawi imodzi. Pa kompyuta yamphamvu makhadi onsewa anali kufikitsa katundu wofanana. Pa kompyuta yofoka kusiyana kunaoneka poyera, pakuti lina linasiyira pulosesa mpata wocita nchito zina, pamene linzace linaidyera mphamvu.

Kuitana kapitao nakonso ndi mtolo pa wokha. Khadi logogoda pa phukusi liri lonse lingagogode nthawi zikwi zambiri pa sekondi. Cifukwa cace makhadi a masiku ano amayamba asonkhanitsa maphukusi angapo, nagogoda kamodzi. Ambiri amawerenganso okha cidindo cotsimikizira katundu, ndipo ena amagawira nchito mapulosesa angapo pamodzi. Koma nzeru yosonkhanitsayi iri ndi mtengo wace: phukusi lofika coyamba liyenera kudikira anzace, monga wokwera basi woyamba adikira kuti basi idzaze. Cotero khadi lopeputsa pulosesa lingathe kucedwetsa yankho pang'ono.

NJIRA YA M'KATI

Anthu a ku migodi adziwa kuti miyala yofika pamwamba siiyesedwa ndi mphamvu ya okumba pansi. Ngakhale ngolo zidzaze msanga cotani, zonse ziyenera kudikira cikepe cokweza miyala, ndipo cikepeco cikacepa, nchito ya mgodi wonse icepa naco. Pakati pa khadi ndi nkhokwe ya kompyuta palinso njira yotere, ndipo iyo ikapapatiza, khadi lamphamvu likhala lopanda phindu.

Mbiri ya makhadi isonyeza zimenezi kangapo. Kampani ya 3Com, imene Metcalfe anaiyamba mu 1979, inapangapo khadi la 100 lochedwa 3C515 lolowa m'mpata wakale wa ISA. Khadilo linali kulankhula bwino ndi nthambo ya 100, koma mpata wa ISA sunali kutha kupititsa katundu wocuruka cotero. Mpata wa PCI, umene unadza mu 1992, unali kupititsa megabaiti 133 pa sekondi, ndipo unakwanira makhadi a 100 popanda bvuto. Koma khadi la 1,000 lifuna 125 popita ndi 125 pobwera, ndipo njira ya PCI inali yogawana ndi zipangizo zina za m'kompyuta momwemo. Bvutoli linatha ndi PCI Express, imene inayamba kuoneka m'makompyuta mu 2004, yopatsa khadi liri lonse njira yace-yace ya megabaiti 250 mbali iri yonse.

Msampha womwewo ukali kugwira anthu lero. Makompyuta ambiri a m'manja alibe khomo la nthambo, ndipo eni ace amagula kakhadi kolowetsa pa USB. Khomo la USB 2.0 malire ace ndi megabiti 480, cotero kakhadi kolembedwa 1,000 kakalowa pamenepo sikangafike ndi theka lomwe. Kakhadi komweko pa khomo la USB 3.0 kamayenda pafupi ndi liwiro lace lonse. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

WOYENDETSA KHADI

Khadi siligwira nchito lokha. Liri ndi pulogalamu yoliyendetsa, yochedwa driver, imene imauza pulosesa malankhulidwe ace ndi khadilo. Lole yabwino m'manja mwa woyendetsa wosadziwa imafika mocedwa, ndipo khadi limodzi lomwelo lingathe kuthamanga pa kompyuta ina ndi kutsimphina pa inzace, kaamba ka pulogalamu yokha.

Munthu wina wodziwika pa nchito imeneyi ndi Donald Becker, amene analemba mapulogalamu oyendetsa makhadi ambiri a Ethernet pa Linux. M'caka ca 1994 iye ndi Thomas Sterling, ali pa malo a NASA ochedwa Goddard ku Maryland, analumikiza makompyuta wamba 16 kuti agwire nchito ngati kompyuta imodzi yaikuru, naicha Beowulf. Mapulosesa ace anali othamanga kuposa umo nthambo ya 10 ikadathera kuwatumikira, pamene zipangizo za liwiro lopambana zinali zokwera mtengo. Tsono Becker anakonza mapulogalamu kuti kompyuta iri yonse igawe katundu wace pa makhadi awiri nthawi imodzi. Anayamba wapeza pamene njira inapapatiza, nakonza pomwepo, osagula makina atsopano onse.

KUYESA MWA CILUNGAMO

Akuru anati liwiro la mumcenga nkuyambira pamodzi. Woyesa makhadi awiri ayenera kusintha cinthu cimodzi cokha, ndico khadi. Kompyuta ikhale yomweyo, nthambo yomweyo, ndi kompyuta yolandira yomweyonso, ndipo yolandirayo ikhale yamphamvu, kuopa kuti iyo ndiyo ingakhale cikepe cocedwetsa. Kukopa cithunzi kucokera pa kompyuta ina kumka pa inzace si muyeso wabwino, pakuti pamenepo munthu angakhale akuyesa disiki yosungira zinthu, osati khadi. Cifukwa cace akatswiri amagwiritsa nchito mapulogalamu monga iperf ndi netperf, amene amatumiza katundu kucokera m'nkhokwe ya kompyuta ina kufika m'nkhokwe ya inzace, osakhudza disiki.

M'caka ca 1999 bungwe losamala miyezo ya intaneti, la IETF, linasindikiza cikalata cochedwa RFC 2544, conena za kayesedwe ka zipangizo za netiweki. Cikalataco cilangiza kuyesa ndi maphukusi a misinkhu 7, kuyambira mabaiti 64 kufikira 1,518, ndi kuti muyeso uli wonse utenge masekondi osacepera 60. Liwiro lowerengedwa ndi lokhalo limene cipangizo cifikapo popanda kutaya phukusi ndi limodzi lomwe. Nzeru yace njomveka: wothamanga amene amwaza katundu pa njira sanapambane.

Pa kuyesa kuli konse payenera kulembedwa zinthu zinai. Coyamba, katundu wofika pa sekondi, popita, pobwera, ndi mbali zonse ziwiri pamodzi. Caciwiri, gawo la mphamvu ya pulosesa limene lapita pa nchitoyo. Cacitatu, nthawi imene phukusi limodzi litenga kupita ndi kubwera, imene imayesedwa ndi kapulogalamu kochedwa ping, kolembedwa ndi Mike Muuss mu 1983. Cacinai, ciwerengero ca maphukusi otayika. Muyeso ubwerezedwe kangapo, pakuti ulendo umodzi sudziwitsa ubwino wa njinga. Makhadi awiri akafikitsa 940 onse, koma lina ladya theka la pulosesa pamene linzace ladya pang'ono pokha, wopambana wadziwika.

Nthambo nayo isaiwalike. M'kati mwace muli timawaya 8 topotana tiwiri-tiwiri. Liwiro la 100 lifuna timawaya 4 tokha, koma la 1,000 lifuna tonse 8. Kawaya kamodzi mwa timene liwiro la 100 silifuna kakaduka, kapena kakapanda kugwira bwino pa mutu, makhadi ambiri amangotsikira ku 100 mwakacetecete, ndipo mwini wace amayamba kunena khadi losalakwa. Utali wa nthambo usapyole mamita 100. Bokosi logawira nthambo, lochedwa switch, likakhala la 100, makompyuta onse odzera pamenepo adzayenda pa 100, ngakhale makhadi ao ali a 1,000.

Makhadi opanda nthambo, a Wi-Fi, ndiwo atalikira kopambana ndi nambala ya pa bokosi. Muyezo wa 802.11g wa mu 2003 unalembedwa 54, koma katundu wofikadi anali ngati theka lace kapena kucepera. Cifukwa cace comvera wailesi aliyense acidziwa: masiteshoni awiri akalankhula pa malo amodzi a mlengalenga, samveka onse. Makompyuta a Wi-Fi ayenera kulankhula mosinthana, ndipo makoma ndi mtunda zimafoketsa mau ao.

NANGA NDARAMA ZIPITE PATI?

Dziko la Zambia linalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera mwa ZAMNET, pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka. Popeza dzikoli liribe nyanja yamcere, nthambo zace zopita kutsidya zimadzera m'maiko oyandikana nalo. Uthenga wocokera ku nyumba ya ku Kitwe kapena ku Mufulira umapyola makomo ambiri usanafike kumene upita, ndipo khadi ndi khomo loyamba cabe. Ngati kampani yogulitsa intaneti ipatsa nyumba megabiti 20, khadi la 100 ndi la 1,000 adzaoneka ofanana ndithu, ndipo kugula lina lokwera mtengo sikudzafulumizitsa kanthu. Munthu wotere acita bwino kusunga ndarama zace, kapena kugula nthambo yabwino.

Koma pa ofesi, pa sukulu kapena pa cipatala, pamene kompyuta imodzi isunga mabuku a anthu onse ndi kuyankha mafunso ao tsiku lonse, nkhani iri ina. Pamenepo maphukusi ngocuruka, ambiri a iwo ngaang'ono, ndipo pulosesa iri kale ndi nchito yace. Khadi lodzisenzera katundu, lokhala ndi pulogalamu yosamalidwa bwino, libweza mtengo wace, pakuti kompyuta imodziyo ikacedwa, anthu onse a pa mzere acedwa nayo.

Maina ena a m'nkhani ino anatha kale. DEC inagulidwa ndi Compaq mu 1998, ndipo 3Com inagulidwa ndi Hewlett-Packard mu 2010. Manambala a pa mabokosi akwera kucokera pa 10 kufika pa zikwi, koma mafunso a wogula wanzeru akali omwe aja: katundu wofikadi ngwocuruka bwanji, wamsenza ndani, ndipo njira yapapatiza pati? Wodziwa mayankho a mafunso atatuwa asanaturutse ndarama m'thumba sadzagula khadi latsopano pamene cofunika cinali nthambo, ndiponso sadzaumira pa khadi pamene nchito ya anthu ambiri idalira ilo.